Foni ya Lolemba kwa a Makutu

Bambo anga anali ndi zinthu ziwiri zomwe sankalola munthu kuzinyoza: thirakitala yawo ya Nyanga ndi munthu amene anawagulitsa thirakitalayo. Ife ana awo mukanatha kutinena mmene mungafunire, iwo n'kumakuthandizani.

Nyanga silinali dzina lake lenileni. Tinkaitchula choncho chifukwa cha kachizindikiro ka nyanga ziwiri komwe kampani yake inkamata kutsogolo. Bambo anagulapo zitatu motsatizana, zonse m'sitolo imodzi ya m'tauni, kwa mkulu wina yemwe alimi anamupatsa dzina loti a Makutu. Kwathu kalendala inali ya Nyanga, chipewa cha bambo cha Nyanga, ngakhale kapu yawo yomwera tiyi. Mayi asanamwalire ankakonda kunena kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu amagona m'shedi.

Dzina la a Makutu silinabwere pachabe. Munda wathu uli kutali ndi tauni, maola awiri pamsewu wafumbi, ndiye chibwerereni mafoni a m'manja, thirakitala ikadwala bambo sankavutika n'kuikoka. Ankaimba foni, n'kuliza injini, n'kuyandikitsa foniyo pambali pake. A Makutu ankamvetsera kwa mphindi imodzi, kenako n'kunena kuti, "Pondani pang'ono. Basi, siyani." Akatero ankatchula matenda, ndipo sipeya inkafika pa basi ya mawa lake. Ndinakula ndikuona zimenezi ndipo sindikumbuka tsiku lomwe anaphonya. Lolemba lililonse m'mawa, ngakhale injini ili bwinobwino, bambo ankaimbabe kuti a Makutu aimve.

Kenako m'tauni munatsegulidwa sitolo ina yaikulu, ya magalasi okhaokha, yogulitsa mathirakitala achikasu. Amakaniko ake ankabwera kumunda pa galimoto, n'kulumikiza kompyuta ku injini. Alimi anzathu anasamukira kumeneko mmodzimmodzi. Nthawi imeneyo n'kuti mawondo a bambo atakana, ndipo ine, mwana wawo wamkazi woyamba, ndi amene ndinkakwera thirakitala. Nanenso ndinkafuna tisamuke. Koma ndikangoyambitsa nkhaniyo, bambo ankati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," n'kuvala chipewa chawo, n'kutuluka.

Chaka china mitambo inayamba kusonkhana titangolima theka la munda. Ndipamene Nyanga inayamba kulira mwachilendo, kugogoda chapansipansi ngati munthu akukhoma msomali kuseri kwa nyumba. Ine si makaniko, koma ndinachita mantha.

"Bambo, tiitane a kompyuta aja angoiona," ndinatero.

"Pakhomo pano? Bweretsa foni."

Anaimba, n'kuyandikitsa foni ku injini monga mwa masiku onse. Ndinaima pafupi, ndipo mawu a a Makutu ndinawamva.

"Palibe choopsa, achimwene. Sefa ya dizilo yatsekeka. Ndikutumizirani ina, koma musaime, limani. Mvula sidikira munthu."

Bambo atadula foni anayang'anitsitsa injiniyo. Kenako anati, "Wamva. Kalime."

Ndinalima. Sefa inafika, tinaika, kugogoda sikunasiye. Tsiku lachitatu, ndili pakati pa munda, ndinamva phokoso limodzi lalikulu, oyilo wakuda n'kuyenderera panthaka. Injini inali itanoka. Pansi pake ndinatola kachitsulo kosweka, kakadali kotentha, n'kukaponya m'thumba.

M'mawa mwake ndinakwera basi mtima ukuwira. Njira yonse ndinkasanja mawu oti ndikawauze a Makutu, ndipo panalibe ngakhale amodzi aulemu.

Sitolo yawo inali pakati pa malo owotcherera zitsulo ndi shopu ya matayala. Ndinali ndisanalowemo kwa zaka zingapo. Fungo la girisi linali lomwe lija, koma mashelefu ambiri anali opanda kanthu, ndipo pa makatoni otsalawo fumbi linali litaphimba zolemba. Pa kauntala panali foni, pambali pake kope ndi cholembera. A Makutu anali atanditembenuzira msana, akusankha mabawuti m'chitini.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Sanacheuke. Ndinaganiza kuti ndi manyazi, ndiye ndinakweza mawu.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya Nyanga."

Anapitiriza kusankha mabawuti. Apo akazi awo anatulukira m'kachipinda ka kumbuyo, n'kuwagwira paphewa. Ndipamene anatembenuka, nkhope yonse ikumwetulira.

"Mwana wanga, wakula bwanji! Sefa ija inafika?"

Maso awo sanali pa maso anga. Ankayang'ana pakamwa panga.

"Inafika," ndinatero.

Mayi aja anandikokera m'kachipinda kaja, momwe munali ketulo, mipando iwiri ndi matayala akale a thirakitala. Sanadikire kuti ndifunse.

"Chino n'chaka chachiwiri. Vutoli linayamba ndi khutu lamanzere, kenako lamanja. Kuchipatala anati injini zomwezi n'zomwe zinawagonthetsa."

"Nanga pafoni amayankha bwanji?"

"Ndimakweza mawu a foni, n'kumalemba m'kope zomwe munthu akunena. Iwo amawerenga n'kuyankha. Mawu a munthu ndimalemba, mwana wanga. Koma kulira kwa injini ndingakulembe bwanji?"

Ndinawauza zomwe zinachitika. Anakhala pansi, manja pamiyendo.

"Bwanji osangonena, mayi? Bwenzi tili ndi injini lero."

"Anene kwa yani? Alimi onse anapita kwa achikasu. Amene amaimbabe ndi bambo ako okha. Lolemba amadzuka mamawa, kumeta ndevu, kuvala ovolosi yochapa, n'kukhala pafupi ndi foni kuyambira sikisi. Ndikawalanda zimenezo atsala ndi chiyani?"

Ndinatuluka kachitsulo kaja kali m'thumba momwemo. A Makutu anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundipatsa kalendala ya chaka chamawa kuti ndikapatse bambo.

Kunyumba ndinawapeza bambo atakhala pa ndowa m'shedi, pafupi ndi Nyanga yomwe tinali titaikokera mmenemo ndi ng'ombe za oyandikana nawo.

"Bambo, a Makutu sakumva. Anagontha."

"Ndikudziwa."

Ndinaima ngati andimenya mbama.

"Chaka chatha injini inazima yokha ndili naye pafoni," anatero bambo. "Iye n'kumati, pondani pang'ono. Ndinadziwira pamenepo."

"Ndiye kugogoda kuja munakumva?"

"Ndinakumva. Anali mabering'i. Zaka zonsezi ndikumvetsera naye limodzi, nanenso ndinaphunzirako."

"Munadziwa, n'kundituma kukalima?"

"Ndinkati mwina ipirira mpaka timalize. Galimoto ya achikasu ikanaima pakhomo pano, tauni yonse ikanakamba, ndipo nkhani ikanamupeza. Munthu uja anabwerapo kuno pa njinga yamoto, mvula ikugwa, atanyamula pampu pamsana. Iwe unali usanayambe sukulu."

Ndinawalankhula mawu oipa tsiku limenelo. Ndinati apha munda wa ana awo pofuna kubisa manyazi a munthu wa kwina. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa ine kuposa mmene anawapwetekera iwo, kapena ndimangodzitonthoza choncho.

Mvula inagwa sabata yomweyo. Thirakitala za anzathu zinali zotanganidwa m'minda ya eni ake, ndipo yathu yobwereka inafika nthaka italowa kale madzi, udzu uli m'mawondo. Theka la munda linagona chaka chimenecho. Injini ina ya Nyanga ya mtundu wakalewo sinapezeke paliponse. Bambo anandiletsa kuwauza a Makutu, ndipo mayi aja nawonso anasunga pakamwa. Miyezi yonseyo Lolemba bambo ankaimbabe, n'kumati thirakitala ili kumunda ndi mwana.

Titakolola zochepazo, ndinagulitsa ng'ombe zathu zamkaka ndi ngolo, n'kukatenga yachikasu yogwirapo kale ntchito. Tsiku lomwe inafika bambo sanatuluke m'nyumba. Ndinaiimika panja pa shedi chifukwa m'katimo munali mwini wake, Nyanga.

Lolemba lotsatira ndinawaona akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, chipewa cha Nyanga chili kumutu, foni ili m'manja. Anaima pambali pa yachikasuyo osaiyang'ana.

"Liza," anatero.

Ndinakwera, n'kuiliza. Anaimba, anapereka moni, anadikira kuti mayi aja alembe, kenako anayandikitsa foni ku injini. 

"Pondani pang'ono," anatero a Makutu. Ndinaponda. "Basi, siyani."

Kenako a Makutu anapitiriza:

"Ili bwino kwambiri, achimwene. Mawu a Nyanga ndingawazindikire ngakhale mutandidzutsa kutulo. Zachikasu zija sizilira choncho."

"Zoona, achimwene," anatero bambo. "Sizilira choncho."

Anadula foni, n'kuvula chipewa, n'kupukuta nacho kumaso. Ine ndinali pampando pamwamba, misozi ikutsika, ndipo sindinazimitse injini mpaka atalowa m'nyumba.