Dzina Lapansi pa Manda a Olivares

Teofilo Olivares anagwada pamanda a bambo ake, burashi ili m'manja, penti ikudonthera pabondo. Kunali kutatsala tsiku limodzi kuti lifike tsiku la Oyera Mtima Onse, ndipo m'tauni yonse ya Olivares munalibe banja losapenta manda.

Zaka makumi atatu akuyendetsa jipini, galimoto yonyamula anthu, Teofilo ankauza aliyense wokwera kuti tauniyo inatenga dzina la agogo awo a agogo ake, mwinimunda wochokera ku Spain. Ankanena modzitama ngati misewu analambula yekha. Koma dzana lake anapita kuparishi kukafuna umboni woti akawerenge pa chikondwerero cha tauni, ndipo buku lakale la ubatizo linamugwetsa mphwayi. Kholo lakelo linali msodzi wamba, dzina lake Dimalanta. Wansembe wina wa ku Spain, atapukwa kwawo, anatcha tauniyo dzina la mudzi wake, kenako n'kuligawiranso asodzi amene ankawabatiza.

"Achimwene, mwangoti duu bwanji?" anafunsa mlongo wake Corazon, akutula makandulo ndi mpunga wokulunga m'masamba a nthochi. "Mukudikira sitima ya ku Spain idzakutengeni?"

"Usandiseke, Cora. Anthu ndikawauza chiyani?"

"Anthu ake ati? Ankakukhulupirirani ndani? Mphuno yophwatalalayi n'kukhala ya Mzungu? Dzina lonena za minda ya maolivi, chikhalirecho kuno n'kokonati yekhayekha!"

Teofilo anaseka pang'ono, koma mtima unkamuwawa. Mzungu wabodzayo analibe naye ntchito. Chinkamupweteka n'chakuti msodzi uja, amene anapalasa bwato kuti iwo akhalepo, palibe anamuyatsirapo kandulo ndi kamodzi komwe. Paja mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Anaviika burashi mu penti yakuda n'kudutsitsa pa zilembo za Olivares za pamwala wa mandawo monga ankachitira chaka chilichonse. Atamaliza sanadzuke. M'munsi mwa mwalawo munali kampata kakang'ono. Anawerama mpaka chibwano kugunda dothi, n'kulemba Dimalanta.

Corazon analeka kuseka. Anasolola imodzi mwa makandulo a mawa aja n'kuiyatsa dzuwa likuswa mtengo.

"Zilembozo mwakhotetsatu," anatero motsitsa mawu.

"Agogo Dimalanta andikhululukira," anayankha Teofilo. "Adikira nthawi yaitali."