Tulo ta Rozaria

Rozaria wa ku Nkhulambe anadana ndi tulo. Mwana wake woyamba anamwalira iye atagona: potsinzina mwana ankapuma, podzuka anapeza thupi litazizira. Ndiye wachiwiriyu atabadwa masiku osakwana, kakang'ono ngati mbatata ya kumapeto kwa mzere, mayiyo analumbira kuti maso ake sadzatsekanso.

Kuchipatala anamuika m'chipinda cha amayi ofukata makanda pachifuwa. Nesi wa m'menemo, a Aliness, anamata kapepala pachifuwa cha khandalo. Kanali kopyapyala ngati khungu la anyezi, kokhala ndi timizere tasiliva tosindikizidwa ndi makina. Kanalibe waya, kanalibe singano. Amene anakapanga, kaya ali kuti, ndithu ankadziwa kufewa kwa khungu la khanda.

"Kameneka kakumvetsera mtima wa mwana n'kumandiuza pa foni iyi," anatero a Aliness. "Inu gonani, mkaka ubwere."

Rozaria anavomera ndi mutu wokha. Kapepala kangamve zimene mayi wobereka analephera kumva? Anapitiriza kulondera, ndipo mwana akangoti zii, ankamukanda kuphazi kuti aone ngati agwedezeke. Maso anafiira, mkaka unayamba kuthawa. Zinali zomvetsa chisoni kumuona.

Tsiku lina masana anafuna kudzoza mwana mafuta, pakuti kwawo khanda lotuwa ndi manyazi a mayi ake. Anamatula kapepala kaja. Posowa malo oyera oikapo, anadzimata pachifuwa pake, monga amabayira singano pa bulauzi akamasoka.

Asanamalize mwendo umodzi, a Aliness anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi itatsala pakhonde, chimanga chootcha chili m'manja. Anagwira mwana n'kupeza akuponya timiyendo bwinobwino. Kenako anaona pomwe panali kapepala, ndipo anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

"Mayi, mwandidula m'mimba. Mtima wa khanda umathamanga, koma pafoni pano unayamba kuyenda ngati ngolo ya ng'ombe. Ndimati mwana akutisiya. Chikhalirecho ndi mtima wanu."

"Mwaumva muli kuti?" anafunsa Rozaria.

"Kuseri kwa khitchini uko, ndikudya."

Rozaria anayang'ana phazi lopanda nsapato lija, lofumbirira, kwa nthawi yaitali. Anamatula kapepalako mosamala n'kukapereka ndi manja awiri. A Aliness anapukuta mafuta pachifuwa cha mwana, n'kukamatanso pamalo pake.

"Ndikagona, mubwera chonchi?" anafunsa Rozaria.

"Ndi nsapato kapena popanda, ndibwera."

Rozaria anamangirira khanda lake pachifuwa ndi chitenje, n'kutsamira pilo. Dzuwa linali likadali pamwamba pa phiri la Michesi pamene amayi anzake anayamba kudandaula za mkonono wake. A Aliness anawaletsa kumudzutsa.