Madiresi Anga Ankaonekera Kugeti

Amuna anga ndi aphunzitsi a masamu, koma chilumikizireni waya wa ayironi osapsa, amadzimva uinjiniya. Ine ndine telala. Ndimasokera m'chipinda chakutsogolo, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu makasitomala ankasankha masitayilo m'kabuku ka zithunzi popanda wodandaula.

"Kabuku n'kachikale, mayi," anatero tsiku lina. "Mukufunika tsamba la pa intaneti. Ndipo sitikasungitsa kwa anthu ayi. Seva, kompyuta yosunga tsambalo, ikhala m'nyumba mommuno."

Seva yakeyo inali kompyuta yakale ya alamu anga, yopanda chivundikiro mbali imodzi, yolira ngati mphaka wodwala chifuwa. Anaiika pansi pa tebulo langa lodulirapo nsalu, penipeni poponda mapazi, n'kuikokera waya kuchokera ku rauta, kabokosi kothwanima kogawa wayifayi m'nyumba. Masabata atatu ndinkadula nsalu nditakhala chammbali ngati mlendo. Zithunzi za m'kabuku anazimatula zonse kuti akazijambulenso bwino kusukulu, ndipo zinakhazikika komweko m'dirowa.

Tsamba litatheka, anaimbira mchemwali wanga amene amakhala kutali. Mchemwali anati likuoneka. Anaimbira ahedi awo, nawonso likuoneka. Anaimbira mpaka wometa tsitsi. Dziko lonse linkaona madiresi anga. Ine ndinalemba dzina la tsambalo pafoni, chala changa chakuphazi chikukhudza seva yeniyeniyo. Foni inazungulira, kuzungulira, kenako n'kunena kuti tsamba silikupezeka.

"Mwalemba molakwika," anatero.

Analemba okha. Chimodzimodzi. Anazimitsa rauta, kuyatsanso, kuiuzira fumbi, kuinong'oneza mawu omwe sindingawabwereze. Patatha masiku awiri anatulukira nzeru: ukazimitsa wayifayi n'kugwiritsa ntchito deta ya foni, tsamba limatseguka. Tsoka lake, netiweki ya foni kwathu imathera pageti. M'nyumba imaopamo.

"Ndiye kuti likugwira ntchito," anatero, chifuwa patsogolo. "Kungoti muziyendako pang'ono. N'zabwinonso m'thupi."

Loweruka lina masana kunabwera mayi wina ndi mwana wake wamkazi, mkwatibwi, kudzasankha madiresi a operekeza asanu ndi mmodzi. Ntchito yotere sibwera mwezi uliwonse. Kunja mvula inali itagwira msewu.

"Tione zomwe mumasoka," anatero mayiyo.

"Tiyeni kugeti," ndinatero.

"Mumasokera kugeti?"

"Ayi mayi, kumeneko ndi komwe zimaonekera."

Tinaima atatu pansi pa ambulera yothyoka nthiti ziwiri, amuna anga ali pakhonde pouma, akupereka malangizo. "Kwezani foni! Chakumanzere! Mwapitirira!" Diresi loyamba linatulukira mpaka m'chiuno n'kuima pomwepo. Madzi ankatsikira m'khosi mwa mayiyo. Galimoto inadutsa n'kutithira matope, kuti zonse zikwanire.

"Zithunzizi zili kuti kwenikweni?" anafunsa mkwatibwi.

"Pansi pa tebulo munatsamira lija."

Mkwatibwiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo ali pakhondewo, kenako anabwerera m'nyumba. Kunapezeka kuti ntchito yake ndi yoika intaneti m'maofesi.

"Bambo, tandibwerekani laputopu," anatero.

"Mwananga, izi n'zakuya. Ine amene ndalimbana nazo usana ndi..."

"Mawu achinsinsi olowera mu rauta?"

Amuna anga anatsokomola. "Wani, thuu, firii... mpaka eyiti."

"Aphunzitsi a masamu amenewo," ndinauza mayi uja, ndikumupatsa thawulo.

Mtsikanayo anakhala pampando wanga wa makina, n'kumafotokoza zala zikuthamanga. "Rauta yanuyi ili ngati mlonda wapageti. Wochokera kunja akatchula dzina la tsamba, imamulozera ku seva. Inu mukatchula dzina lomwelo muli kale m'kati, mumatumizidwa kugeti, ndiye mlondayo sadziwa kukubwezerani m'nyumba. Marauta ena amatha zimenezo, yanuyi ayi. Ndaiuza kuti wa m'nyumba akafunsa dzinali, izingomupatsa nambala ya m'kati ya seva. Yesani, mayi."

Ndinayatsa wayifayi n'kulemba. Madiresi anakhuthuka onse nthawi imodzi, athunthu, mpaka mipendero. Sipanathe ndi mphindi khumi zomwe.

"Zomwezo," anatero amuna anga, akugwedeza mutu ngati woyesa mayeso. "Ndimafuna kuchita zomwezo Lolemba."

"Lolemba lake liti?" anafunsa mayi uja, akufinya mpango wake pakhomo.

Anasankha diresi la manja aafupi, lotambalala m'munsi, n'kulonjeza kubweretsa atsikana aja mawa lake kudzayezetsa. Potsanzikana mayiyo anandigwira mkono. "Kusoka mumatha," anatero motsitsa mawu. "Zinazi, pirirani."

Atapita, m'nyumba munati zii, kupatula seva yomwe inapitiriza kutsokomola. Ndinayamba kukolopa matope. Amuna anga anakhala pomwe panali mtsikana uja, akutsitsa zithunzi pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Ndinali nditakonza mawu angapo, abwino ndithu, oti akhale nawo mpaka mawa. Ndisanawatulutse, anandikodola.

"Tabwerani muone."

Pansi penipeni pa tsambalo panali diresi loyera la kolala yayitali, lomwe ndinadzisokera ndekha ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pa makina obwereka. M'kabuku munalibe. Sindinkadziwa n'komwe kuti chithunzicho chikadalipo.

"Ili ndi lomwe ndinayamba kuikapo," anatero, osandiyang'ana.

Ndinaima pamenepo ndi chokolopera m'manja, madzi akudontha pa silipasi.

"Chapendekeka," ndinatero. "Ndipo mutu wanga mwaudula."

"Ndikonza."

"Musakhudze chilichonse. Sunthani, ndikhale."