Voti ya Chimanga ndi Mtedza

Khola la Manesi linali lokongola kuposa nyumba yake, ndipo iye sankachita nazo manyazi. Denga la malata, pansi pa simenti, modyera mwake mosalala bwino. Kuseri kwake nsenjere zinali zitatalika kupitirira munthu. Chimene chinkasowa m'kholamo ndi ng'ombe basi.

Zaka zisanu ndi chimodzi Manesi anadikira. Iye ndi amuna ake, a Yeremiya, anali m'kalabu ya alimi a mkaka ya Tilimbike, imodzi mwa makalabu khumi ndi awiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amene anapanga Mgwirizano wa Mapiri Asanu. Lamulo la Mgwirizanowo linali lakuti wolandira ng'ombe, ikaswa mwana wamkazi woyamba, amupereke kwa wotsatira pamndandanda, kaya ndi wa kalabu iti. Tsopano dzina la Manesi linali pamwamba penipeni. Msoti wake unali kwa mayi wina kutsidya, cha ku Ntchisi, ndipo Manesi anali atayenda wapansi kawiri kukauona: wakuda wa mawanga oyera, maso ngati a mwana. Anaupatsa dzina loti Talandira asanaulandire n'komwe. Kunangotsala masabata atatu kuti ubwere.

Ndiye anthu, poti akakhuta pakamwa pamawayabwa, anayambitsa nkhani yotuluka mu Mgwirizano.

Msonkhano unachitikira m'tchalitchi, Lachitatu m'mawa. Woyamba kuimirira anali Kalisto, mwini ng'ombe zitatu ndi njinga yamoto, munthu woti akayamba kulankhula amaiwala kumeza malovu.

"Mkaka ndi wathu!" anatero. "Udzu timamweta ndife, ndowe timawola ndife. Koma mtengo atiuze ndi anthu a mu ofesi kumunsi kumsewu wa tala, oti bere la ng'ombe sanaligwirepo chibadwire! Pa lita iliyonse amadulapo. Ukapita ndi mkaka m'ndowa ya pulasitiki akuti bwerera, tikufuna chigubu chachitsulo. Galimoto yawo ikachedwa, mkaka n'kusasa, akuti vuto ndi lako. Kodi ife ndi ana? Ku Mponela ndi ku Madisi matiyirumu akulirira mkaka. Tituluke, tizigulitsa tokha pamtengo wathu!"

A Obed, mphunzitsi wopuma ntchito amene wailesi sinkachoka kukhutu kwawo, anakonza magalasi. "Ngakhale Angerezi anatuluka mumgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Anati tizidzilamulira tokha. Nanga ife tingalephere bwanji?"

"Aphunzitsi," anayankha mayi Faines, wapampando wa kalabu, "Angereziwo ali ndi ndege ndi sitima zapamadzi. Ife tili ndi njinga ya a Kalisto, yomwe Januwale yense imagona m'matope padambo paja. Ndipo munawafunsa Angerezi anuwo ngati akupeza tulo?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Manesi yekha sanaseke kwambiri, mtima unali kukhola.

Kenaka anaimirira a Yeremiya, mkulu wa mpingo, atavala jekete lawo lakuda la Lamulungu. Anali mkamwini pamudzi wa Manesi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma pakamwa pawo pankawachititsa kuoneka ngati eni nthaka. Analankhula modekha. Anakumbutsa anthu za thanki yoziziritsira mkaka, yoti kalabu imodzi singaigule ngakhale itagulitsa ng'ombe zake zonse. Anatchula galimoto imene imakwera phiri ngakhale mvula ikugwa, ndi mlangizi wa ziweto amene amathamangira kuno ng'ombe ikakanika kuswa. Anafunsa Kalisto kuti matiyirumu a ku Mponela adzamwa mkaka wochuluka bwanji nyengo ya njala, anthu akamamwa madzi otentha opanda shuga.

"Ndiye pali mndandanda," anatero akuyang'ana kumene kunakhala akazi awo. "Ena mwa ife makola ali pululu, tikudikira. Abale, mutu umodzi susenza denga. Tikhale. Komabe madandaulo a Kalisto ndi omveka, ndipo akumunsiwo ayenera kudziwa kuti kuno kulibe anthu ongogwedeza mitu."

M'manja munaombedwa, amayi ena analuluta. Manesi anamva kukoma mumtima, nati ukwati uwu sindinalakwitse. Mawu omalizawo sanawasamale n'komwe.

Ku Tilimbike sankavota pokweza manja, chifukwa dzanja lokwezedwa pagulu limabala udani wa zaka. Sankavotanso papepala, poti ena maso anatha. Aliyense ankapatsidwa njere ziwiri, ina kudzanja ili, ina kudzanja ilo, n'kukaponya imodzi m'chitini kuseri kwa nsalu. Tsiku limenelo mayi Faines anabweretsa mtedza wauwisi ndi chimanga cha mbewu ya kusitolo chotsala dzinja, chija chopaka mankhwala ofiira. Chimanga, tikhale. Mtedza, tituluke. Ovota anali makumi anayi ndi mmodzi.

Manesi anaponya chimanga chake, chinalira kuti ngwe m'chitini, ndipo mtedza wotsala anauponya m'kamwa. Mtedza uli m'manja ndani angausunge? Atakhala pansi anayang'ana uku ndi uku. Ena nsagwada zinkayenda, koma ambiri, ngakhale aja analuluta, pakamwa panali phee. Anasuzumira kumbali ya abambo, naona kuti amuna akenso sakutafuna. Pamene a Yeremiya ankadutsa pafupi naye kubwerera kumpando, anawanong'oneza kuti, "Mtedza wanu uli kuti?"

"M'nyumba ya Mulungu sadyeramo, mayi a Chisomo," anayankha ndi nkhope ya Lamulungu. Manesi anachita manyazi, nameza msangamsanga.

Mayi Faines anakhuthulira njere zija m'lichero. Anawerenga, n'kuima. Anawerenganso. Kachitatu anaitana a Obed kuti awerenge ndi magalasi awo. Chimanga chinali njere makumi awiri. Mtedza unali njere makumi awiri ndi imodzi.

Mayi Faines anagwira pakamwa. A Obed anavula magalasi n'kuwayang'ana ngati ndiwo alakwitsa. Amene anadabwitsa anthu kwambiri ndi Kalisto. Munthu wopambana amadumpha, koma iye anangokhala kukamwa yasa, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye mkaka tizipita nawo kuti?" anafunsa munthu wina kumbuyo. "A Kalisto, tiuzenitu."

Kalisto anati nkhani imeneyo ifunika komiti.

Manesi ankamva ngati pansi pakupendekeka. Amene anabwezeretsa mitima ya anthu m'malo ndi a Yeremiya omwewo, ngakhale mawu awo ankatuluka mosasa.

"Abale, tisade nkhawa. Uku ndi kunyanyala chabe. Mkazi akamanga katundu kupita kwawo, kodi ukwati watha? Ankhoswe amamutsatira, amapepesa, ndipo amabwerera ndi chitenje chatsopano. Akumunsi sangalole kutitaya. Abwera kudzatipepesa, tidzakana koyamba, kachiwiri tidzavomera, mtengo atakweza."

Anthu anapumira m'mwamba. Inde, ndi mmene zimakhalira! Ndani kuno anachokapo osatsatiridwa? Kalata inalembedwa tsiku lomwelo, ya mawu olimba, poti wonyanyala ndi mawu ofewa palibe amamuthamangira.

Anasesa pabwalo la tchalitchi. Anasankhiratu tambala wophera alendo. Sabata inatha, osaoneka munthu. Sabata yachiwiri ili pakati, masana, galimoto ya Mgwirizano inakwera phiri, ndipo anthu anasonkhana ataumitsa nkhope monga anapangana. Munatsika Vanessa, manijala wa Mgwirizano, mtsikana wokulira m'tauni, ali ndi pepala limodzi m'manja. Analibe mbuzi, analibe nkhuku, analibe ngakhale munthu wamkulu womulankhulira.

Anapereka moni mwaulemu, nawerenga. Makalabu khumi ndi limodzi otsalawo anakumana, ndipo alemekeza chisankho cha Tilimbike. Galimoto isiya kukwera kuno mwezi ukatha. Akadzafuna kubwerera, malamulo akuti adikire zaka ziwiri, ndipo mayina awo adzayambira pansi pa mndandanda. Anapinda pepala lija.

Anthu anadikira kuti apitirize. Sanapitirize.

"Mwana wanga," anatero a Obed, "kodi basi? Simutipepesa?"

Vanessa anadabwa zenizeni. "Tipepese chiyani, bambo? Si mwasankha nokha?"

Dalaivala, bambo wa imvi amene anatsamira galimoto, anang'ung'udza kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ambiri anamva.

Manesi sankalankhula pagulu, koma tsiku limenelo anangopezeka ataima kutsogolo. "Nanga msoti wanga? Ndine Manesi, dzina langa lili pamwamba. Khola ndinamanga, bwerani mudzaone."

Vanessa anayang'ana pansi. "Pepani, mayi. Mndandanda ndi wa mamembala. Msoti umenewo unapita dzana kwa wotsatira wanu."

Manesi sanalire. Chisoni china chimauma ngati chitsime cha m'chilimwe, sichitulutsa madzi. Anayenda mpaka kunyumba osaona njira, nakakhala m'khola muja mpaka dzuwa kupendeka. Tambala uja anapulumuka.

Masiku otsatira mudzi unadzaza ndi anthu oponya chimanga. Aliyense wokumana naye pamjigo ankalumbira kuti iye anaponya chofiira. Ovomera poyera kuti anaponya mtedza anali asanu ndi anayi okha, ndiye enawo khumi ndi awiri kaya anali mizimu. Manesi anasiya kupereka moni kwa mkazi wa Kalisto. Ankayang'ana anzake a kumvano m'maso, n'kumayesa kukumbukira kuti nsagwada za ndani zinkayenda tsiku lija. A Yeremiya nawo anakwiya koopsa. Lamulungu analalikira za anthu a mitima iwiri mpaka mawu kutha.

Loweruka lotsatira m'mawa, Manesi anatulutsa zovala zoti achape. Jekete lakuda lija linali litachita fumbi, ndiye anayamba kupisa m'matumba monga amachitira mkazi aliyense asanaviike chovala. M'thumba lina munali kampango kopukutira thukuta, m'lina kapepala ka manambala a nyimbo. M'thumba lam'kati, pakona penipeni, chala chake chinakhudza kanthu kolimba. Anakatulutsa.

Inali njere ya chimanga, yofiira.

Anaiyang'ana nthawi yaitali ili pachikhatho. Anayesa kuipezera njira ina yolowera m'thumbamo, poti mtima sufulumira kuweruza munthu amene wagona naye mphasa imodzi zaka zonsezo. Koma a Yeremiya sankadzala atavala jekete la Lamulungu, ndipo pakhomo pawo ankadzala chimanga chamakolo.

Anawapeza atakhala pamthunzi wa khola, akukhoma mpini wa khasu. Anatambasula dzanja. A Yeremiya anayang'ana, khasu linagwa.

"Bambo a Chisomo, munati m'nyumba ya Mulungu sadyeramo."

"Mayi a Chisomo, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ndaima bwino."

Pakamwa paja pogometsa mudzi wonse panayamba kuchita chibwibwi. "Ine ndinkati otuluka akhala asanu, mwina asanu ndi mmodzi. Nditalankhula muja, ndi mmene anthu anaombera m'manja, ndinadziwa kuti chimanga chapambana kale. Ndiye ndinati ndionjezereko kamodzi kumbali inayo, akumunsi achiteko mantha. Nkhani ikadutsa popanda otsutsa anthu amakupeputsa, inunso mukudziwa. Ndinkangofuna kuwaopseza. Sindinkadziwa kuti enanso aganiza chimodzimodzi. Njere imodzi, mayi a Chisomo, imodzi yokha!"

"Imodzi yokha," anabwereza Manesi. "Iyi ikanalowa m'chitini, Talandira bwenzi ali apa mwakhalapa, akudya."

"Ndinalakwa."

"Ndinayenda wapansi kawiri mpaka ku Ntchisi. Njerwa za kholali ndinasenza pamutu. Mkazi wa Kalisto sindikumulankhula, kumachita kutembenuza nkhope pamjigo, pamene mwini nkhani ndikumuphikira ndi kumuchapira!"

Anapinda jekete lija bwinobwino, losachapa, n'kuwaika m'manja.

"Pano ndi pamudzi pa amayi anga. Nyamukani, mukaone abale anu ku Madisi."

A Yeremiya anaimirira maso ali tong'o. "Mukundichotsa? Zaka zonsezi, chifukwa cha ng'ombe?"

"Musade nkhawa," anatero Manesi, mawu ali ozizira. "Si munati wochoka amatsatiridwa? Pitani mukadikire ankhoswe."

A Yeremiya anayesa kuseka, kuseka kunakana. Anaima pang'ono kudikira kuti mwina mawuwo abwezedwa, kenaka anakoleka jekete paphewa n'kuyamba kutsika njira ya kumsewu. Ankayenda pang'onopang'ono, mwa munthu wopereka mpata woti amuitane. Pamtengo wa mango anaima, nacheuka. Pachulu anaimanso, nachita ngati akuchotsa kamwala m'nsapato.

Manesi anaika njere yofiira ija modyera ng'ombe muja, pakati penipeni. Anatenga chikwakwa n'kupita kuseri kwa khola, nayamba kumweta nsenjere, poti zinali zitakula kwambiri ndipo panalibe wozidya. Pamene a Yeremiya anacheuka kachitatu, anangoona msana wake.