Mgolo wa Paulino

Tomás anagogoda mgolo ndi nsonga ya nsapato, ngati akuyesa mbuzi ya pamsika. Linali tsiku lachitatu chiikireni mkulu wake, Paulino. Pamaliro sanagwireko khasu. Anafika kuchokera ku Furancungo dothi litakwiriridwa kale.

"Uwu ndinyamula, alamu," anauza Doroteia, mkazi wa malemuyo. "Asilikali a pamlatho akufuna kachasu. Ukawapatsa, sakuvutitsa."

"Ndiye ife tizimwa chiyani?"

"Madzi! Mtsinje suwo? Anthu akuthawira ku Malawi, a mano, akulu angawo, anali pano kukazinga zitsononkho. Sukulu yonse ija!"

Chitsime chabwino chinali kutsidya, m'njira yotcheredwa mabomba. Mtsinje wotsalawo unkadutsa pamene asilikali anatayira mabateriya a magalimoto otenthedwa, ndipo ana a kumunsi anali atayamba kupotokola m'mimba. Paulino, amene anagwirapo ntchito yoyeza madzi kumgodi, anati ndi mtovu. Ankatentha zitsononkho mumphika wovindikira, kuziviika m'chidulo, kuzitenthanso, kenako kusinja. Makalawo ankawathira mumgolo pamwamba pa mchenga, madzi n'kumadontha pansi usana wonse.

"Madzi a mumtsinje ndi oyera mbee," anatero Tomás. "Mtovuwo munauona ndi maso?"

"Sindinauone. Uli mmenemo. Zaka zitatu mgolowu ukumwa mtovu m'malo mwathu." Doroteia anakonza mpango wake wakuda. "Tengani, alamu. Fulirani mmenemo. A sarijento a asilikaliwo akadzayamba kugwira pamimba, mudzawauze nokha kuti zija zinali zamisala za akulu anu."

Tomás anachotsa phazi pamgolo. Anasuzumiramo, napukuta zala pa buluku ngakhale sanakhudze kanthu.

"Ndi wadzimbiri kale," anatero. Anatenga wailesi ndi jekete la malemu, nanyamuka dzuwa lisanapendeke.

Madzulo Doroteia ndi mwana wake wamkulu, Delfina, anakhuthula makala otha ntchito. Paulino sankalola kuwataya padzala kapena m'munda. Ankakawakwirira yekha kuseri kwa chulu, kutali ndi madzi. Awiriwo anatenga khasu napita.

Khasulo silinagwire ntchito. Kuseri kwa chulu kunali maenje asanu ndi limodzi amene Paulino anakumbiratu, lililonse lovindikiridwa ndi mwala kuopa nkhuku. Oyambawo anali akuya mpaka m'chiuno. Lomaliza, limene anakumba mphamvu zikutha, linangofika m'bondo.

Delfina anagwada, nayamba kulikuza ndi manja.