Mawu Atawathawa a Kachingwe

"Yambiraninso pamene mukulowa pakhomo, a Japhet," anatero Joan m'Chingerezi, akuyesetsa kumwetulira.

A Japhet Kachingwe anabwerera pakona ya siteji, anakonza mkanjo umene anawaveka, n'kulowanso. Mawu oyamba anatuluka bwino, ndi liwu lawo lalikulu lomwe linkadzaza holo ya tchalitchi ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow. Kenaka zii. Anangoima kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba, akuyang'ana mipando yopanda anthu. Dave, amene ankasewera ngati msilikali, anawanong'oneza mawu otsatira. Iwo anawamva ndithu, koma anali ngati a chinenero cha dziko lina.

Joan ndiye ankatsogolera gulu la masewerolo, gulu la anthu wamba a m'deralo, ena oyendetsa mabasi, ena opuma pantchito. Anauza onse kuti akamwe tiyi, iye n'kuwakokera a Japhet pambali.

"Mwezi watha munkalidziwa gawo lonseli. Chavuta n'chiyani?"

"Kutopa chabe, mayi. Mawa mudzaona."

"Tatsala pang'ono kuonetsa anthu. Mnzathu Elliot akuidziwa mbali yanu. Sindikukuchotsani ayi, koma kaganizireni bwino."

A Japhet anavula mkanjowo.

Unyamata wawo wonse anauthera ku Zomba, akuphunzitsa ana a sekondale masewero a mlembi wamkulu uja wa ku Mangalande, amene wa Fomu 4 aliyense amatuluka naye thukuta pa mayeso. Iwo ankamutchula kuti malume. "Malume angawa anali mwana wa wosoka magolovesi m'katauni kakang'ono," ankauza ana. "Ku yunivesite sanapondeko. Koma analemba za mafumu, za nsanje, za imfa, mpaka dziko lonse likumuvulira chipewa. Ndiye iwe ukuti sungathe chifukwa kwanu ndi ku Mayaka?" M'kalasi sankatsegula buku. Ankangoliyika patebulo n'kumalakatula masamba athunthu, ana atagwira pakamwa.

Kenaka akazi awo, a Fanny, anapeza ntchito ya unamwino ku Glasgow, ndipo banja lonse linasamuka. Kuno satifiketi yawo ya uphunzitsi sinawathandize kanthu. Anakalamba akulondera malo oimikapo magalimoto, akulakatulira makoma a simenti, popanda wodziwa zimene zinali m'mutu mwawo. Atapuma pantchito, mwana wawo Jessica anawakakamiza kukayesa mwayi kwa Joan. Joan atangowamva, ananyamuka pampando n'kuwapatsa mbali yaikulu m'sewero lonse. A Japhet anaimbira foni ana awo asukulu akale mpaka ku Lilongwe. Amalawi a kumpingo analonjeza kudzadzaza mizere yakutsogolo.

Madzulo amenewo, atachoka kuholo kuja, anayenda wapansi kubwerera kunyumba, mvula ikuwaza. Anadutsa msewu wa Duke Street, n'kukhotera mumsewu wa nyumba zosanja za miyala yofiira. Anafika pakhomo, analowetsa kiyi, koma kiyi inakana. Anayesanso mwamphamvu. Anayang'ana uku ndi uku, nyumba zonse zinali zofanana.

"Bambo a Jessica!"

Anali a Fanny, akuchokera kuntchito, ambulera ili m'manja. Anawagwira pamkono mwakachetechete.

"Si pano. Kwathu ndi msewu winawo."

Atalowa m'nyumba, a Fanny anawapukuta kumutu ndi thawulo, anawakhazika pasofa, iwo n'kukhala pafupi, yunifolomu isanavulidwe.

"Ndakhala chete nthawi yaitali," anatero. "Lero ndilankhula."

"Mvula inandisokoneza basi."

"Nanga ketulo ija ndinaipeza mufiriji, inalinso mvula? Lamlungu munamufunsa Jessica kuti mwamuna wake ndi ndani, munthu amene munamupatsa mwana ndi manja anu. Mwana analirira m'galimoto njira yonse."

"Kuiwala ndi kwa aliyense, mayi."

"Bambo a Jessica, ine ndimasamalira okalamba otere tsiku ndi tsiku. Ndimadziwa mmene zimayambira. Tiyeni kwa dokotala."

A Japhet anadzambatuka. "Mukufuna munditsekere m'nyumba ya okalamba? Zaka zonsezi ndakhala ndikutsegulira anthu mageti, ndikudikira tsiku limodzi lokha loti ndiime pamaso pa anthu. Likubwera, inu mukuti ndikudwala?"

"Sindinanene zokutsekerani."

"Mawu a malume akhala zaka mazanamazana osafa. Afere m'mutu mwanga? Khalani pomwepo, mumve."

Anakankha tebulo, anaima pakati pa chipinda, n'kukweza dzanja. Anasankha gawo limene ankalikonda kuposa onse, limene analakatula ngakhale pa ukwati wawo. Mzere woyamba unabwera. Wachiwiri unasakanikirana ndi wa sewero lina. Anatsokomola, n'kuyambiranso, ndipo ulendo uno ngakhale woyamba uja unasowa.

"Ndimalidziwa," anatero motsitsa. "Analemba atakhwima kale, uyu... uyu..." Anakhwatchitsa zala kangapo. Maso anayendayenda padenga. "Fanny, dzina lake lenileni ndani?"

A Fanny anawauza.

A Japhet analibwereza dzinalo pang'onopang'ono, monga mmene munthu amabwerezera dzina la mlendo amene wangodziwana naye. Kenaka anakhala pansi pakapeti, msana atatsamira sofa. A Fanny anatsika n'kukhala nawo pomwepo.

"Akuti malume atalemba zonse anasiya yekha, n'kubwerera kwawo kukafera pakati pa abale," anatero a Japhet patapita nthawi. "Anachoka atamaliza. Ine ndikuchoka ndisanayambe n'komwe."

"Ana munawaphunzitsa aja si ntchito?"

"Amenewo mawa ndidzawaiwalanso. Kenaka Jessica. Kenaka inu."

A Fanny sanawatsutse. Anadziwa kuti bodza lililonse lotonthoza alizindikira. Anangowagwira dzanja, onse awiri akumvera mvula pawindo.

M'mawa mwake a Japhet anameta ndevu, anavala jekete ndi tayi ngati akupita m'kalasi, n'kupempha foni. A Fanny anawapezera nambala ya Joan.

"Mbali ija mpatseni Elliot," anatero a Japhet m'Chingerezi chawo chosalala. "Mumuuze asamathamange. Mawu amenewo amafuna mpweya."

Joan anayamba kunena kuti mwina pali mbali ina yaing'ono, yopanda mawu ambiri. Iwo anathokoza mwaulemu n'kudula foni.

"Nanga a kumpingo tiwauza chiyani?" anafunsa a Fanny.

"Auzeni zoona. Imbiraninso dokotala wanuyo."

A Fanny analowa kukhitchini kukaimba. Atabwerako anawapeza atakhala pawindo, buku lalikulu lija la ku Zomba lili pamiyendo, losatsegula. Chikuto chake chinali chomatidwa ndi selotepi.

"Zilembo zikundivuta kutsatira," anatero osatembenuka. "Mungandiwerengereko?"

A Fanny, amene moyo wawo wonse ankati Chingerezi chakalecho chimawapweteketsa mutu, anavala magalasi n'kutsegula pamene buku linatsegukira lokha. Anawerenga mopunthwapunthwa, akupumira pakati pa mawu, ena akuwatchula molakwika. Munthu amene sankalola mwana wasukulu kudutsa ndi liwu limodzi lopotoka akanawadula pakamwa nthawi yomweyo. A Fanny anaima dala, akudikira kukonzedwa.

"Pitirizani," anatero a Japhet. "Ndi zokoma. Kenaka zinatha bwanji?"