Nkhuku Zosadziwa Malire

Lolemba m'mawa, Mafunso asanaike n'komwe chikwama pansi, abwana ake anamukodola ndi chala. Dzina lakuti Mafunso anamupatsa ndi anthu a m'makomo momwe ankayendamo ndi tabuleti yolembera mayankho ndi sikelo, ndipo linamukanirira mpaka ku ofesi. Abwanawo aliyense ankawatcha a Magalasi, chifukwa ankavala ena pamphuno, ena pamutu, n'kumafunafunabe achitatu.

"Taonani nyumba yanu iyi, nambala 62," anatero akuloza pakompyuta.

Chaka chathacho boma linagawa misoti khumikhumi, chakudya chake ndi waya wa khola kwa mabanja ovutikitsitsa. Nkhuku sizikanakwanira onse nthawi imodzi, choncho panachitika mayere: ena alandire msanga, ena adikire. Ntchito ya ofesi yawo inali kuyendera magulu onse awiri, kufunsa zomwe anthu adya ndi kupima ana, kuti zidziwike ngati nkhukuzo zikusinthadi kanthu. Nyumba 62 inali ya odikira.

"Mwana wa pamenepa wakwera makilo kuposa ana ambiri a olandira," anapitiriza a Magalasi. "Koma agogo ake akuti sabata yathunthu m'nyumbamo simunalowe dzira, nyama kapena mkaka. Ndiye wanenepa ndi chiyani, mphepo? Mwina sikelo yanu ili ndi chifundo."

"Sikelo ndimaiyesa m'mawa uliwonse, bwana."

"Sindikukana. Koma bwererani mukapimenso. Lachisanu lipoti likupita ku unduna, ndipo sindikufuna andifunse zomwe sindingayankhe."

Mafunso anafika kumeneko dzuwa litakwera. Bwalo linali limodzi, koma pakati panadutsa mpanda wa malata adzimbiri, kuchokera pakhoma la nyumba mpaka kuchimbudzi. Mbali ya kumanzere inali 61, ya olandira. Ya kumanja inali 62, komwe kunkakhala mayi wina wachikulire amene ankasita zovala za anthu, ndipo makasitomala ake ankangoti a Simbi. Tebulo lawo linali chitseko chakale chokhazikidwa pa migolo iwiri, pamwamba atayala bulangete lopserera m'makona. Malaya ositasita anali ndandanda pawaya. Pansi pa tebulo kamdzukulu kawo, kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, kankaseweretsa zopanira zovala.

"Mwabweranso? Sabata yatha yomweyi munatifunsa mpaka mchere," anatero a Simbi akuuzira makala. Ankasita ndi dzanja lamanzere. Lamanja analikoleka pansalu chifukwa phewa linali litatupa.

Mafunso anakhala pa chidebe chovundikira. Tabuleti sanaitulutse.

"Mayi, mwanayu akukula bwino, ndipo ine ndasangalala. Koma zomwe ndinalemba ndi zomwe sikelo inanena sizikugwirizana. Ku ofesi akuganiza kuti ndine amene ndinalakwitsa."

"Akuchotsani ntchito?"

"Ayi, sizinafike pamenepo. Kungoti ngati manambala anama, a boma aganiza kuti ana akunenepa okha popanda nkhuku, ndiye aona ngati palibe chifukwa chogawiranso ena. Paja ndinakuuzani tsiku loyamba lija: zomwe mungandiuze sizituluka ndi dzina lanu, ngakhale kwa oyandikana nawo."

A Simbi anasita kolala imodzi kawiri konse. Kenaka anaimika simbiyo pa njerwa.

"Bwerani kuno."

Kuseri kwa thumba la makala, m'tsinde mwa mpanda, munali beseni lobooka lokhala ndi udzu wouma. Munali mazira awiri ndi kamwala koyera. Mafunso anagwira dzira limodzi, linali lofundabe.

"Ndine wakuba, mwanawe. Lembani choncho," anatero motsitsa mawu. "Nkhuku za uko zimalowera pampata apa n'kudzaikira muno. Tsiku loyamba ndinati ndibweza. Ndinaima nawo m'manja mazirawo, mwana akundiyang'ana. Ndinawiritsa. Mawa lake chimodzimodzi. Pano yakwana miyezi isanu."

"Bwanji osangowauza eni ake?"

"Uko ndi kwa alamu anga, akazi a malemu mlongo wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi sitinapatsanepo moni. Pamaliro pake ndinalankhula zoipa, pamaso pa anthu. Ndinati anamupha ndi njala mlongo wangayo." Anapukuta m'maso ndi nsalu yokolekera dzanja ija. "Anadwala chaka chathunthu, ndipo amene ankamutembenuza pamphasa ndi iwowo. Ineyo ndinkadziwa. Koma pakamwa panali patapsa, ndipo mawu atatuluka ndinasowa poyambira kuwabweza. Ndiye lero ndipite ndikati, alamu, ndakhala ndikudya mazira anu?"

Pa ntchito yake Mafunso anaphunzira kuti munthu akaulula chinthu cholemera, si bwino kuthamangira kumutonthoza. Anangobwezera dzira lija m'beseni pang'onopang'ono, n'kunena kuti apita kaye ku 61 kukaona khola, mwana adzamupima pobwera.

Kuti afike ku 61 anayenera kutulukira kumsewu n'kulowera chipata china. Mayi a kumeneko anthu ankawatcha amake mapasa, ngakhale mapasawo anakula kalekale n'kupita kukafuna maganyu kutali. Anali aafupi, olankhula mofulumira, ndipo khola lawo linali losesedwa kuposa zipinda zina zomwe Mafunso analowamo. Nkhuku zinalipo zonse khumi.

"Mwezi watha munandiuza kuti mumatola mazira asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku," anatero Mafunso. "Anzanu a nkhuku khumi akutola asanu ndi atatu."

"Zangazi n'zaulesi. Zinatengera mwini wake."

Mafunso anaseka, n'kuyenda m'mbali mwa mpanda ngati akuona waya. Pampata paja anawerama. Kuchokera mbali ino zinkaoneka bwino: lata linapindidwira m'mwamba mwaluso, m'mphepete mwake mosalazidwa kuti musacheke, ndipo linamangidwa ndi kawaya kuti lisagwe.

"Nkhuku zanu zaulesizi zimadziwanso kugwira hamala?"

Amake mapasa anayang'ana kumpanda, kenaka anamukoka Mafunso pamkono mpaka m'khitchini, n'kutseka chitseko.

"Mundilanditsa nkhuku?"

"Ayi. Choletsedwa n'kugulitsa nkhukuzo chaka chisanathe. Mazira ndi anu, mutha kupatsa amene mwafuna."

Mayiwo anapuma mozama n'kukhala pa mpando.

"Malatawa satchinga mawu. Kamwana kaja kankalira m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinalera awiri nthawi imodzi, kulira kwa njala ndimakudziwa. Amake anakasiya n'kupita, agogo akewo ntchito yake ndi imene mwaionayo. Ndikanati ndiwapatse m'manja, akanandiponyera kumaso. Ndiye tsiku lina atapita kukapereka zovala ndinapinda latalo, ndinakankhira beseni mbali yawo, n'kuikamo kamwala koyera kuti nkhuku zione ngati dzira. Ziwiri zofiirazo ndinazitsekera kunja kwa khola masiku anayi, mpaka zinazolowera."

"Ndiye simunawakwiyirebe?"

"Ndinawakwiyira, ndipo mpaka pano. Koma mwanayo analakwa chiyani? Mwamuona makutu ake? Ndi a malemu amuna anga enieni, otambalala ngati zogwirira poto." Anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Musakawauze. Akadziwa kuti ndi dala, mazirawo adzawaswera pamalatapo."

Mafunso anabwerera ku 62 atanyamula zinsinsi ziwiri, ndipo zonse analonjeza kusunga. Mumsewu anaima kaye pang'ono. Ankalakalaka atangonena mawu amodzi okha kwa a Simbi, akuti simunabe. Koma akanatero, ndani akanadzamuuzanso zoona m'makomo amenewa?

Anaika sikelo pa kathabwa kake n'kuitana mwana. Mwanayo atangoiona anakumbuka za sabata yatha, anathawira pansi pa tebulo n'kuyamba kulira. Anamunyengerera ndi zopanira zovala, ndi cholembera, ndi nyimbo, koma osatheka.

"Ilipo njira ina," anatero Mafunso. "Wamkulu amakwera yekha, kenaka amakweranso atamunyamula mwana, sikelo imachotsera yokha. Koma ine ndiyenera kukhala pansi kuwerenga."

A Simbi anayesa kumunyamula ndi dzanja limodzi. Phewa linawabaya, anamutsitsa msanga akuluma mano. Mwana analira kwambiri.

Mafunso anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu. Anayang'ana kumpanda, ndipo pansi pa malata anaona zala za mapazi zitaima chilili. Anakweza mawu pang'ono, ngati akulankhula yekha.

"Pakanakhala wina wa manja awiri, bwenzi titamaliza."

Mapazi aja anachoka. Panapita kanthawi, kenaka chipata cha ku 62 chinalira. Amake mapasa analowa akupukuta manja pa chovala chawo, maso ali pa sikelo, osayang'ana kwina.

"Ndamva kuti boma likufuna manja," anatero.

A Simbi anatola simbi, n'kuibwezeranso pa njerwa.

Amake mapasa anavula masilipasi n'kukwera. Mafunso anadina batani, manambala anabwerera pa ziro. Mayiwo anatsika, anagwada pafupi ndi tebulo n'kutambasula manja. Mwanayo anawayang'anitsitsa, chifukwa mawu awo ankawadziwa koma nkhope ankangoionera patali. Anasiya kulira, n'kukwawira kwa iwo.

"Makilo khumi ndi awiri, ndi magalamu mazana atatu," anawerenga Mafunso. Zinali chimodzimodzi ndi sabata yatha.

Amake mapasa sanamutsitse msanga mwanayo. Anamusisita kumsana, akumununkhiza m'mutu.

"Akulemera," anatero, osadziwika kuti akuuza ndani.

"Amadya mazira," anatero a Simbi. "Alamu, mazira ake ndi a nkhuku zanu. Zimaikira kuseri uko. Ndakhala ndikutola."

Mafunso anawerama n'kuyamba kupukuta sikelo yomwe inali yoyera kale.

"Nkhuku imaikira pomwe yakonda," anayankha amake mapasa. "Ine ndingaiuze zochita? Koma mumawiritsa mpaka kuuma, ndimamva fungo. Mwana wamng'ono chonchi amafuna lofewa pakati."

"Lofewa limatsegula m'mimba."

"Anakuuzani ndani? Anga aja ndinawalera ndi lofewa."

"N'chifukwa chake anakula opanda nzeru."

"Nzeruzo anatengera kwa atate awo, mlongo wanu."

A Simbi anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira, kenaka anakankha chidebe chija ndi phazi kuti chifike pomwe panaima alamu awo. Amake mapasa anakhala, mwana ali pamiyendo, n'kufunsa kuti phewalo layamba liti ndipo apakapo chiyani. Mafunso anatsanzika kawiri, koma palibe anamumva bwinobwino.

Madzulo ake ku ofesi analemba mizere iwiri yokha: sikelo ili bwino, nyumba yodikirayi imapeza mazira awiri patsiku kuchokera ku nyumba yolandira yoyandikana nayo. A Magalasi anawerenga, anavula magalasi apamphuno n'kutsitsa apamutu, n'kuwerenganso.

"Ndiye kuti 62 sitingaifananizenso ndi anzake odikira," anadandaula. "Mwandiwonongera tebulo langa lokongola la manambala." Anagogoda desiki ndi cholembera. "Nyumba zoyandikana chonchi, wina wolandira wina wodikira, tili nazo zingati?"

"Kwanga kokha zilipo khumi ndi zinayi."

"Ndiye kuti mwina nkhukuzi zikudyetsa ana ambiri kuposa omwe tikuwerenga. Izi ziyenera kulowa mu lipoti, ndipo ulendo wamawa tiwonjezere funso. Lembani: kodi mumapatsako oyandikana nawo mazira?"

"Mukafunsa choncho ambiri akana, bwana. Ena aopa kulandidwa, ena safuna kuti zidziwike."

"Nanga tifunse bwanji?"

Mafunso anaganiza pang'ono.

"Tifunse kuti, kodi nkhuku zanu zonse zimaikira pakhomo pano?"

A Magalasi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamukankhira kiyibodi kuti alembe yekha.